Uziyang'ana M'mbali mwa Mwala, Nambewe

Mwana wanga Takondwa,

Lero lakwana tsiku lachisanu ndi chinayi ukundilankhula mawu awiri okha patsiku: "Chakudya chapsa." Ndakhala ndikuwerenga, poti munthu wopuma pa ntchito ali ndi nthawi yowerenga zinthu zopanda pake. Dzana unawonjezerapo kuti "Madzi ali kubafa," ine n'kuyesa nkhondo yatha, koma dzulo unabwereranso ku mawu ako awiri aja. Mawa mmawa ukuwoloka pa boda. Ndaona kuti ndikapanda kulemba, iwe upita ndi mawu awiriwo mpaka ku Joni, ine n'kutsala ndi anga amene ndawasunga m'kamwa zaka zoposa makumi awiri.

Ndikulemba ndili pakhonde, dzuwa likadali pamwamba pa mtengo wa mango. Iwe wapita ku Kachebere kukatsazika azakhali ako. Amayi ako akukazinga nsawa zoti unyamule, ngati kumene ukupitako anthu sadya. Ine mpando ukunditentha. Ndadzuka kale kanayi: kukatseka geti lotseka kale, kukawerenga mathiraki amene afola pamsewu wa ku boda, kukayang'ana nkhuku zimene sizinandiitane, kachinayiko sindikudziwa n'komwe chimene ndinadzukira.

Ndiyambe ndi tikiti yako. Munthu wa ku yunivesite yako yatsopanoyo anayang'ana pa mapu, n'kuona kuti Mchinji ndi Chipata zagundana mphuno, ndiye anakugulira ndege yonyamukira ku Lusaka, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, chikhalirecho Lilongwe ali apa pomwepa. Amayi ako anakwiya. Ine ndinaseka mpaka kutsamwa, chifukwa phunziro lako loyamba lakupeza usanalowe n'komwe m'kalasi: munthu wophunzira salakwitsa pakati, amalakwitsa m'malire. Uziyang'ana m'mbali, mwanawe. Kalata yonseyi ndi mawu amenewa basi, enawa ndi ndiwo.

Sabata yatha amayi ako anandifunsa kuti, "Bambo a Takondwa, mwanayu akukaphunzira chiyani kwenikweni? Kutchalitchi akundifunsa, ine ndikungoti za madzi, ena ayamba kale kumusungira mipope yawo yodontha." Ndinawafotokozera. Ndinati azikatenga kachidutswa ka mwala kochepa ngati njere ya nsawa, n'kukajambula m'kati ndi makina onga ekisile ya kuchipatala, mpaka timabowo tonse tioneke pamodzi ndi tinjira tolumikiza timabowoto. Kenako chithunzicho azichiika mu kompyuta, kompyutayo n'kuwerengetsa mmene madzi angadutsire m'tinjiramo. Iwo anati, "Madzi enieni?" Ndinati ayi, a masamu. "Nanga mwalawo weniweni?" Ndinati chithunzi chake. Anapukusa mutu, amvekere, "Ndiye tikumutumiza ku Joni kukathira madzi onama pa mwala wonama?" Usawakwiyire. Alipo mapulofesa amene amachita kumera imvi asanafike pa funso limeneli.

Chimene sindinawauze ndi ichi, ndipo iwe ukuchidziwa kuposa ine, koma bambo ali ndi ufulu wouza mwana zimene mwanayo akudziwa kale. Kamwala kako unakadula ku thanthwe lalikulu. Tinjira ta madzi sitinathere pamene macheka ako anadutsa, tinkapitirira. Kompyuta siidziwa zimenezo. Ikafika m'mphepete imaima n'kukufunsa: apa pali chiyani? Khoma? Khomo? Madzi akukankha ndi mphamvu yanji? Mbali zisanu ndi imodzi, mafunso asanu ndi limodzi, ndipo woyankha ndiwe, osati mwala. Masamu a pakatipo ndi a anthu anzeru amene anafa kalekale, sungawasinthe. Zakozako ndi za m'malirezo. Ukanama pamenepo, kompyuta imalandira bodza lako ndi manja awiri, n'kulisambitsa, n'kukubwezera litavala mitundu yofiira ndi yabuluu, lokonzeka kukaonetsedwa pamsonkhano.

Nditangotuluka kukoleji ndi digiri yanga ya za miyala, ndikuyenda ngati nthaka ndinaiumba ndine, anandituma kuti ndijambule mapu a madzi a pansi a midzi ya m'malire muno. Pepala limene anandipatsa linkathera pa mzere wa boda. Kuseri kwa mzerewo kunali koyera mbee, ngati Zambia anali asanalengedwe. Ndiye m'masamu anga ndinati mzerewo ndi khoma, madzi sadutsa. Yankho linatuluka lakuti zitsime za pafupi ndi mzerewo ziziuma chaka chilichonse dzuwa la Okutobala likafika. Ndinapita kukachenjeza anthu, tayi ili pakhosi. Pachitsime china ndinapeza mkulu wina wa tsidya la ku Mwami, wokumba zitsime, amene anabwera kudzaona mlongo wake. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, anatunga chidebe chodzaza, anamwa, anapukuta ndevu, n'kundifunsa m'Chinyanja chawo chija: "Imwe a sukulu, manzi yanu yali na pasipoti?" Amayi onse pachitsimepo anafa nako kuseka. Madziwo ankachokera ku mitunda ya tsidya lija osadinditsa kwa wina aliyense, monga momwe anthu a kuno amapitira ku maliro ndi ku chigayo. Pamene pepala lako lathera si pamene dziko lathera. Ukatseka mbali za kamwala kako n'kunena kuti ndi khoma, uzikumbukira kuti khomalo wamanga ndiwe pofuna kuti masamu akuyendere, ndipo uzilemba poyera kuti wamanga ndiwe.

Cholakwa chachiwiri chinali cha payipi yaifupi. Mjigo ukabowoledwa, tisanaikepo mpope wa manja, tinkapopa madzi ndi injini kwa maola ambiri kuti tione ngati chitsimecho chitope. Madzi opopedwawo amayenera kukatayidwa kutali. Tsiku lina payipi yaitali inatsala ku ofesi, ndipo ine, pochita manyazi kubwerera, ndinati yaifupi yomweyi ikwana. Malowo anali a mchenga, m'mphepete mwa dambo. Tinapopa kuyambira mmawa, madzi m'chitsime osatsika ngakhale chala chimodzi. Ndinali nditayamba kale kukonza m'mutu mawu okanena kwa abwana: chitsime chosaphwa, chopezedwa ndi Mbewe. A Zulu, kapitawo wa makina obowolera, munthu amene sukulu anailekera sitandade faifi, anakhala pa dilamu akusenda chinangwa. Dzuwa litapendeka ndiye anati, "Bwana wamng'ono, madzi awa ndayamba kuwazindikira nkhope. Adutsa pano kachisanu." Ankalowa mumchenga pamene payipi yathera, n'kubwerera m'chitsime momwemo. Tinawotcha dizilo tsiku lonse kuzunguza ndowa zomwezomwezo.

Iwenso uli ndi payipi yaifupi yakoyako. Ndinaiona m'mabuku ako: njira ija youza kompyuta kuti madzi otulukira kumanja alowerenso kumanzere, ngati kamwalako kayalidwa kambirimbiri kofanana mpaka kumathero a dziko. Ndi nzeru yabwino, sindikutsutsa, ndipo masamu amayenda nayo mosavuta. Koma mwala weniweni nkhope yake ya kumanja siifanana ndi ya kumanzere. Bowo la uku likagundana ndi njere ya uko, mumatani? Mumaika chithunzi chotembenuza ngati cha pagalasi kuti mabowo akumane, eti? Ndiye kuti mwakwatitsa bowo kwa chithunzithunzi chake chomwe. Mwala wotero kulibe ku Mchinji, kulibenso ku Joni. Chita, poti anzako onse amachita, koma uzikhala ndi a Zulu ako m'mutu, atakhala pa dilamu, akuyang'ana madzi nkhope.

Ndadzukanso kachisanu. Dalaivala wina pamsewupo akuliza hutala ngati hutala imadinda mapepala. Amayi ako asuzumira pazenera n'kufunsa kuti, "Kodi mukulemba kalata kapena malamulo a dziko?" Ndati ndikubwera ku mfundo. Ati, "Zaka makumi atatu ndakhala ndikudikira mfundo zanu." Ndiye ona, ndikuzungulira ngati madzi a payipi yaifupi aja. Ndilole ndizungulireko kawiri kena.

Bafa la kuseri kuno ndinamanga ndekha iwe usanabadwe. Katswiri wa za madzi sakanaitana mmisiri. Khomo lolowera madzi mu ngalande ndinalikonza bwino, ndi kasefa komwe. Kotulukira sindinakuganizire, ndinangoti madzi adziwa okha kopita, ndipo payipi ndinaimaliza pamalo okwera kuposa pamene inayambira. Woyamba kusambamo anali apongozi anga, agogo ako aakazi, amene anabwera kudzaona nyumba yatsopano ya mkamwini wophunzira. Thovu lonse limene anatsuka linapita, linaganiza, n'kubwerera kudzawapatsa moni m'mapazi. Anangouza amayi ako kuti, "Amunako sukulu anaiphunzira mbali imodzi." Anthu a ntchito yako nawonso amakonda khomo lolowera, lotulukira n'kuliyika mwachisawawa, madzi n'kumabwerera chafutambuyo iwo osadziwa. Uziwerengera olowa ndi otuluka, zifanane. Koma zikafanana usavine msanga. Madzi akhoza kulowa onse n'kutuluka onse osadutsa m'mwala. Tifika pamenepo, ndipirire.

China ndinalakwira iwe mwini. Pakhomo lolowera madzi munthu umasankha chimodzi. Ukhoza kulamula mphamvu yokankha, mwala n'kusankha wokha madzi amene udutsitse. Kapena ukhoza kulamula madzi oti adutse, mwala n'kukuuza mphamvu imene ikufunika. Zonse ziwiri pakhomo limodzi sizitheka, kompyuta imakana kapena kutulutsa zamisala. Uli folomu folo ine ndinalamula zonse ziwiri. Ndinakumatira pachitseko maola owerenga, m'munsi mwake n'kulembamo mapointi oti upeze. Unadwala mutu milungu itatu, mpaka amayi ako anamatula pepala lija n'kuyatsira mbaula. Unakhoza bwino popanda pepala langa, ine n'kumayenda pa boma kulandira "mwachita bwino a Mbewe" ngati mayesowo ndinalemba ndine. Kumene ukupitako bwana wako udzakhala iwe mwini, ndipo ndikuopa kuti bwanayo anatengera bambo ake. Usadzilamule zonse ziwiri. Ndiponso pakhomo pa kamwala kako uzisiyapo kabwalo kopanda kanthu, madzi ayambe akhazikika asanalowe m'tinjira. Anthu otsika basi suwayeza mayendedwe akadali pachitseko kukankhana.

Tsopano mfundo ija. Masiku asanu ndi anayi apitawo, amalume ako ali pano, unatsegula kompyuta kutionetsa ntchito imene yakupezetsa malo ku Joni. Kamwala kamene aphunzitsi ako anatumiza kukajambulidwa unakabenthula ku mwala uja wooneka ngati batire la tochi, umene wakhala pamwamba pa kabati chibadwire iwe, wochokera mu mjigo wa ku Mavwere umene ndinavomereza ine. Unati, "Adadi, taonani, tinjira tambiri n'totsekeka. Mwala uwu sungadutsitse madzi amene munalemba mu lipoti lanu. Kapena chinalakwika china poyeza?" Unafunsa mwaulemu, ndi mawu otsika. Ine ndinaseka, ndinamenya amalume ako pabondo, n'kunena kuti, "Mwamuona mwana wa masiku ano? Kompyuta yake sinamwepo madzi a pa mjigo, koma ikufuna kuphunzitsa nkhalamba kukumba." Amalume ako anaseka nawo, poti iwo amaseka chilichonse chimene chanenedwa ndi mwini nkhuku imene akudya. Iwe unatseka kompyuta mwakachetechete n'kulowa kuchipinda. Kuyambira pamenepo, chakudya chapsa.

Chinalakwika china poyeza, Nambewe. Ndikudziwa chifukwa ndinachiona ndi maso angawa.

Chaka chimenecho iwe unali m'mimba. Tinabowola ku Mavwere pamalo amene ndinasankha ine, pamtunda pafupi ndi sukulu, ngakhale a Zulu ankaloza kumunsi, cha ku dambo. Injini yopopera inali itafa, ndipo makina obowolera ankafunidwa ku boma lina sabata yotsatira. Abwana anati, "Mbewe, kayeze mwalawu ku labu. Ukakhala wodutsa madzi bwino, tiika mpope pomwepo. Ukakhala wouma, tisamutsira makina kumunsi asanachoke." Kayezedwe kake n'kosavuta. Mwala umauveka chubu cha mphira chothina kwambiri kuti m'mbali musadutse kanthu, umakankha madzi kumutu, n'kumatapa otuluka kunsi. Nditatsegula, madzi anatuluka msanga, mokondweretsa, olowa ndi otuluka ofanana ndendende. Ndinaimba mluzu. Nditamaliza ndinavula chubu chija, n'kupeza chili ndi mng'alu m'kati kuchokera kumutu mpaka kunsi. Pambali pa mwala panali kamzere kamodzi konyowa, kwina konse kuli gwa. Madzi sankadutsa m'mwala, ankaulambalala, monga anthu odziwa njira za m'minda amalambalalira geti.

Linali Lachisanu, folo koloko. Chubu china kunalibe. Kunena zoona kukanatanthauza kuti munthu wa sitandade faifi waposa digiri yanga kachiwiri, pamaso pa abwana omwewo. Ndinayang'ana nambala yokongola ija, ndinayang'ana chubu, ndinaponya chubu m'bini, n'kulemba nambala. Sindinaiwale, sindinasokonezeke, chipangizo sichinandinamize. Ndinachita kusankha.

Mjigowo ukuudziwa. Mmawa umapereka ndowa zingapo, kenako umayamba kutsokomola, mpaka anthu anautcha Chifuwa. Ena amachita kumaliza: Chifuwa cha a Mbewe. Amayi a kumeneko amasiya ndowa pamzere kudikira kuti chitsime chipume, ena n'kutsikira ku dambo komwe a Zulu ankaloza kuja, kukatunga pamodzi ndi ng'ombe. Ine mayankho ndinali nawo okonzeka: chilala, mitengo ya bulugamu ya pasukulu, kupopa mwaukali. Ndinafika pophunzitsa amayi a ana asanu ndi awiri kagwiridwe ka mjigo. Mmodzi wa iwo, a Nankhoma, anandisiya ndimalize, n'kunena kuti, "A Mbewe, tapopani inuyo tione." Ndinapopa, tayi ikuuluka, mjigo n'kunditsokomolera pamaso pa mudzi wonse. Iwo amvekere, "Kapena nanunso mwaugwira mwaukali." Ndinaseka nawo, ndipo ndinaseka kuposa onse. Nthabwala zangazi, mwanawe, ndi mng'alu womwe uja. Zinthu zoyenera kudutsa m'kati mwanga zimadutsira m'mbali. Ndi mmene funso lako linadutsira tsiku lija.

Ndadzuka kachisanu ndi chimodzi, ulendo uno kulowa kukhitchini. Ndawauza amayi ako zonse. Nsawa zina m'chikwama chako uzipeza zopserera, mlandu wake ndi wanga. Asiya chiwaya chikufuka pamoto, kenako ati, "Ndinkadziwa kuti mwalawo si wokongoletsa kabati. Munthu sapukuta mwala fumbi Lamulungu lililonse popanda mlandu." Ndafunsa kuti bwanji sanandifunsepo. Ati, "Mukanaseka."

Koma usadzitame msanga. Lipoti lako ndaliwerenga katatu mobisa, iwe uli kumsika. Pa tsamba lachisanu ndi chitatu walemba kuti mbali zinayi za kamwalako unazitseka ndi khoma. Kamwala kochepa ngati njere ya nsawa! Khoma limenelo ladula tinjira timene tikanatuluka panja pang'ono n'kubwereranso, ndipo kamwala kakachepa chotero, kompyuta imauona mwala wouma kuposa mmene ulili. Ine ndinasiya mbali zikudontha, mwala n'kuoneka wopatsa. Iwe unazitseka zonse, n'kutheka waoneka woumira kuposa chilungamo chake. Kusiyana kwathu n'kwakuti iwe unalemba poyera chimene unachita, ine ndinaponya m'bini. Ukafika, uyese kachidutswa kokulirapo, kenako kokulirapo, ndipo pa kalikonse usinthe malamulo a m'malire: khoma, galasi lija, mphamvu yokankha. Mayankho akayamba kuyandikana, ndiye kuti wayamba kumva mwala. Akamasiyanabe, ukumva mawu ako omwe. Usaiwalenso kuti madzi ambiri a kuno amayenda m'ming'alu ya thanthwe imene kanjere kako sikangaione, ndiye aliyense wokufunsa kuti "tibowole pati" usamuyankhe uli pampando. Kakhale pa dilamu.

Ndikanatha kufa nacho chinsinsichi, ndipo ndinali nditakonzeka. Koma mwezi wamawa makina obowolera akubwereranso ku Mavwere. A komiti ya mjigo anabwera kuno mwezi watha ndi fotokope ya lipoti langa, ataisunga mu pulasitiki ngati kalata ya ubatizo. Akufuna kubowola pambali pa Chifuwa pomwepo, poti lipoti likuti mwala ndi wabwino, ndiye vuto liyenera kukhala mpope. Ndinawapatsa tiyi ndi mbatata, n'kunena kuti ndiganizira. Ndinkaganizirabe pamene iwe unatsegula kompyuta ija. Loweruka ndikwera njinga kupita kumeneko. Ndikaima pa mjigo pomwepo, opanda tayi. A Nankhoma akadali moyo, makutu awo ndi akuthwa, ndipo ndikanena za chubu. Ndikawauza atsikire kumunsi, ayeze ndi injini, ndi payipi yaitali. A Zulu anamwalira osamva, ndipo chimenecho palibe njinga imene ingandifikitse kukachikonza. Sindikudziwa kuti kumeneko akanditcha dzina lanji. Anthu amene anatha kutcha mjigo Chifuwa sangasowe dzina la mwini wake.

Zotsalazi ndi zazing'ono. Ku Joni kumazizira kuposa Juni wa kuno, juzi ija usaisiye ati n'njachikale. Amayi ako uziwaimbira Lamulungu akaweruka kutchalitchi, ndipo akakufunsa ngati wadya, uziti wadya ngakhale kamodzi kokha kakhale koona. Mphunzitsi wako akasangalala kwambiri ndi nambala yako, imeneyo ndiye uiyezenso, chifukwa nambala yokongola ya Lachisanu madzulo ndi imene inandigwetsa. Munthu wosesa mu labu ndi wokonza makina uziwapatsa moni ndi mayina awo, a Zulu a kumeneko ndi amenewo. Mnyamata akadzakuuza kuti mbali zake zonse n'zotseka, mtima wake umadutsa kwa iwe wekha, usatsutse. Ingovula chubu uyang'ane kamzere konyowa. Uziyang'ana m'mbali, mwanawe, ndanena kangati kodi?

Mwala uja ndautsitsa pakabati. Ndaukulunga mu sokosi yanga, yochapa, n'kuuika m'chikwama chako chaching'ono, pansi pa nsawa. Muvi umene ndajambulapo ukuloza kumwamba, mmene unakhalira m'nthaka. Mzere wofiira ndi pamene madzi anadutsira. Pepala lovomereza kutuluka nawo m'dziko ndinakatenga Lachitatu, lili mu envulopu muno, ndiye waona kuti ulendo uja ndinati ndikukameta sunali wa kumeta. Akakufunsa pa boda kuti mwalawu ndi wachiyani, uwauze kuti ndi umboni pa mlandu wa bambo ako. Ukaujambule wonse, osati kanjere. Nambala imene upeze uilembe pambali pa yanga, ndi dzina langa lonse, osandibisa kuti "wofufuza wina wakale". Ana a anthu ena aphunzirepo mmene chubu chimang'ambikira ndi mmene munthu amachiponyera m'bini.

Kalatayi ndiika pamwamba pa sutikesi yako, uipeze pobwera ku Kachebere. Sindikupempha kuti undiyankhe ndi pakamwa. Ndife a Mbewe, mawu akuti pepani amativuta kunena. Pepa, mwana wanga. Unafunsa funso loona, pamaso pa amalume ako, ine n'kukusandutsa choseketsa. Ndalemba ndi inki kuti ndisadzathe kunena kuti zinali nthabwala.

Mawa ndikuperekeza mpaka pa geti la boda, pamene ife opanda ulendo timabwerera. Ukandipatsa chikwama chaching'onocho kuti ndikunyamulire, ndidziwa. Ukachinyamula wekha, ndiyendabe pambali pako, ndipo Loweruka ndipitabe ku Mavwere.

Ndine bambo ako,
Mbewe, mwini wake wa Chifuwa